Mmene Mbeu Zimadzitetezera ku Matenda

Mbeu iribe maso, iribenso miyendo yothawira, koma mdani akafika imadziwa. Tsamba linamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo pa tizipindato pali alonda amene amazindikira khungu la chuku ndi timichira ta tizirombo totchedwa mabakiteriya. Alondawo akangokhudzidwa, tsamba limatseka timabowo take topumira, limalimbitsa makoma a tizipinda, ndi kupanga mankhwala opha mdaniyo.

Mdani akalowabe, mbeu zina zimapha zokha tizipinda tomuzungulira, monga anthu amatentha udzu patsogolo pa moto wolusa kuti usowe podutsa. Pamenepo pamatsala kadontho kouma, nthenda nithera pomwepo. Uthenga umapitanso ku masamba ena kuti akhale tcheru.

M'zaka za m'ma 1940, Bambo H. H. Flor wa ku America anapeza kuti mphamvu yozindikira nthenda mbeu imatengera kwa makolo ake. Ndicho chifukwa chake m'munda umodzi mtundu wina umafa, wina nupulumuka. Tsono mlimi wosafuna njala asankhe mbeu yopirira, monga mtedza wa Nsinjiro umene sugwidwa wamba ndi kadukutu.