Madzi oyera mbee, koma khanda lili pangozi

Ine si dokotala, ndine mtolankhani chabe, ndipo ku yunivesite ndinachokako ndisanamalize. Koma nkhani ya chitsime ndikuidziwa, poti kumene ndikuchita lendi, mpopi ukauma tonse timathamangira ku chitsime chimene chinayandikana ndi chimbudzi.

M'chitsime chotere mumatha kulowa mchere wina wotchedwa nitrate. Umachokera m'zimbudzi zokumba, m'makola ndi ku feteleza wa m'madimba. Mvula ikagwa umalowerera m'nthaka mpaka kukafika m'madzi. Suoneka, sununkha, ndipo pakamwa sumveka.

M'chaka cha 1945 dokotala wina wa ku Iowa m'dziko la America, a Hunter Comly, analemba za makanda awiri amene khungu lao linasanduka la buluu. Anapeza kuti mkaka wao umasungunulidwa ndi madzi a pachitsime odzaza ndi nitrate. Mcherewu ukalowa m'thupi la khanda umasanduka nitrite, amene amalepheretsa magazi kunyamula mpweya wabwino. Mwana amapuma ndithu, koma thupi likubanika. Ali pangozi kwambiri ndi ana osakwana miyezi 6. N'chifukwa chake bungwe la WHO linaika malire: mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi.

Tsono mvetsetsani apa. Tonse tinaphunzitsidwa kuwiritsa madzi, ndipo tisaleke, chifukwa kolera ndi yoopsa. Koma moto suchotsa nitrate. Madzi akamaphwera pamoto mchere umatsala mumphika, ndiye umachita kuchuluka. Kolorini nayenso amapha tizilombo basi. Mayi amene wawiritsa madzi a botolo la mwana amagona mtima uli m'malo, osadziwa kanthu.

Nanga titani? Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Ngati n'kosatheka, madzi a mkaka wake asachokere pachitsime chosayezedwa. Chitsime chikhale kumtunda kwa chimbudzi, mamita osachepera 30. Milomo kapena zikhadabo za khanda zikasintha mtundu, thamangirani ku chipatala osadikira kuche.

Chotsala ndi kufunsa. Inu amene munakhala kunja ndi ife amene tinatsala kuno, tipite limodzi ku makhonsolo athu tikawauze kuti ayeze zitsime za m'makomboni, ndipo zotsatira zake azikhome poyera kuti aliyense awerenge. Amene akumwa madziwo ndi ana athu.