WAILESI YA SEFULIYA YA AGOGO INALANKHULANSO

Awa ndi mau amene mmodzi wa mamembala athu, yemwe kwao ndi ku Bvumbwe ndipo amagwira ntchito m'boma ku Lilongwe, analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza onse pothandiza anzathu amene sanathe kubwera.



Pamene a komiti anandilembera kalata yoti ndidzalankhule, anati mutu ndisankhe ndekha. Ndikudziwa kuti ena mumayembekeza kuti munthu wochokera ku Capital Hill afotokoza za bajeti kapena za penshoni. Pepani, zimenezo ndazisiya ku ofesi. Ine ndabwera ndi chinthu chili patebulochi. Amene muli kumbuyo mukuona ngati ndi sefuliya yophikira ndiwo, ndipo simukulakwa kwenikweni. Iyi ndi wailesi ya agogo anga aamuna, amene anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi m'boma la Thyolo. Anaigula mu 1952. Inakhala chete zaka zoposa 50, ndipo chaka chatha inalankhulanso. Ndikufuna ndikufotokozereni m'mene zinayendera, kenaka ndili ndi pempho limodzi kwa bungwe lathu.

Ndiyambe ndi mbiri yake. Mu 1941 boma la Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, linatsegula nyumba ya wailesi ku Lusaka. Nkhondo yachiwiri itatha, nyumbayi inapatsidwa udindo woulutsa mau kwa anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo inatchedwa Central African Broadcasting Station. Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Koma panali vuto: oulutsa analipo, omvera panalibe, chifukwa mawailesi anali okwera mtengo ndipo ambiri ankafuna magetsi. Mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma limenelo, Harry Franklin, anayesa makampani angapo kuti apange wailesi yotsika mtengo, mpaka kampani ya mabatire ya Ever Ready ya ku Britain inavomera. Mu 1949 wailesiyo inafika pamsika. Chigoba chake chinali sefuliya yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wa buluu, n'chifukwa chake Azungu anaitcha Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake, limene wailesi inkakhalapo pamwamba ngati pa mpando, linali masheleni 25 ndipo linkatha pa maola pafupifupi 300. Kwa kalaliki wa pa esiteti, imeneyi inali ndalama yosunga miyezi yambiri.

Transistor itabwera, zinthu zinasintha. Kachipangizo kameneka anakatulukira ku Bell Laboratories ku America mu 1947, ndipo pofika zaka za m'ma 1960 mawailesi ang'onoang'ono oyendera mabatire a tochi anali paliponse. Achikulire muno mukukumbukira wailesi ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre. Batire lalikulu lija linayamba kusowa m'masitolo, ndipo wailesi ya agogo inakwezedwa pamwamba pa kabati. Kumeneko n'kumene ndinaipeza titapita kukakonza denga la nyumba ya amai ku Bvumbwe. Mphwanga anali ataiika kale pa mulu wa zitsulo zoti agulitse kwa anyamata ogula ziwaya. Amai, amene anali ndi zaka 6 pamene wailesiyi inkalowa m'nyumba, anaitola pamulupo naipukuta ndi chitenje chao. Anangoti, "Iwe unapita ku yunivesite. Kodi singalankhulenso ndisanafe?"

Anzanga, funso limenelo linandilasa. Ndinayankha kuti ndi nkhani yaing'ono, ndipo apa ndi pamene ndinalakwira.

Nditatsegula kumbuyo ndinapeza zimene chiperoni cha ku Thyolo chimachita kwa chitsulo: dzimbiri, nkhungu, ndi chisa cha mavu pamene kansalu kotchinga tizilombo kanang'ambika. Pakati pa zonsezo panali timabotolo tinai tagalasi, tofanana ndi chala chachikulu. Amenewo ndiwo mavalavu. Amene tinali m'kalasi ya sayansi tikumbutsane pang'ono. M'kati mwa valavu mulibe mpweya. Muli kawaya kopyapyala kwambiri kamene kakatentha kamatulutsa maelekitironi, ndipo chapatali pang'ono pali kachitsulo kamene kamawakoka. John Ambrose Fleming ndiye anapanga valavu yotere ku London mu 1904. Mu 1906 Lee de Forest wa ku America anaika kaukonde pakati pa ziwirizi. Mphamvu yochepa ikafika pa kaukondeko imalamula mphamvu yambiri yodutsa m'valavu, monga m'mene dzanja limodzi pa mpopi limalamulira madzi a thanki yonse. Motero kamphamvu kofooka kamene waya wa eriyo watola m'mlengalenga kamakuzidwa mpaka kugwedeza sipika. N'chifukwa chake batire lija linali mabatire awiri m'bokosi limodzi: mavolti 1.5 otenthetsa kawaya, ndi mavolti 90 okoka maelekitironi.

Zonsezi ndinaziwerenga usiku umodzi ndipo ndinadziona katswiri. M'mawa ndinazula valavu imodzi kuti ndione ngati ikuyaka. Batire limene linali pafupi linali la mavolti 9. Ndinati kusiyana kwake n'kochepa, ndingogunditsa kamodzi. Kunawala kuti ng'ani, ngati mphezi yaing'ono m'botolo, ndipo basi. Valavu imene inapirira chiperoni zaka zonsezo inafera m'manja mwa munthu wa digiri m'kuphethira kwa diso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula tsiku limenelo, ndipo amai sindinawauze.

Mnzanga wina ndiye ananditumiza kwa mkulu wina ku Limbe, kuseri kwa msika. Ndi bambo a zaka pafupifupi 80, amene anaphunzira ntchito ya mawailesi ali mnyamata, pothandiza m'sitolo ina nthawi ya mavalavu. Masiku ano amakonza zokuzira mau za m'matchalitchi. Nditavundukula katundu wanga anakhala kaye chete, kenaka anati, "Mwanawe, waitenga kuti imeneyi?" Nditaulula tchimo langa sanandiseke. Anangotenga mita yao, nagunditsa timiyendo tiwiri ta valavu iliyonse. Zitatu zinali zamoyo. Anati, "Valavu saiyesa ndi moto. Umayamba waifunsa ndi mita."

Maso ao anafooka ndipo manja amanjenjemera, choncho tinagwirizana kuti iwo azilamula, ine ndizigwira. Kwa miyezi inai, ndikabwera kumudzi kumapeto kwa mwezi, ndinkakhala pa benchi lao ngati mwana wa Fomu 1. Lamulo loyamba linali lakuti ndisadule waya uliwonse ndisanajambule papepala kumene ukuchokera ndi kumene ukupita. Lachiwiri, kuyeretsa kaye: burashi yofewa, mafuta a makina osokera pa zozungulira, ndi kupala dzimbiri pa timabowo tolowetsamo mavalavu. Lachitatu, makapasita. Anandiphunzitsa kuti m'mawailesi akale chimene chimayamba kufa kawirikawiri si valavu ai, koma makapasita a pepala ndi phula, amene amamwa chinyezi n'kuyamba kudutsitsa mphamvu kumene siyenera kudutsa. Tinawasintha onse, koma mmodzimmodzi, kuwotcherera ndi mtovu ndi kuyesa tisanagwire wina. Ine ndinkafuna kuwazula onse nthawi imodzi kuti tifulumire. Iwo anati ukatero, ikakana kulira sudziwa pamene walakwitsa. Marezisita awiri anali atasintha mphamvu chifukwa cha ukalamba, ndipo tinaika ena. Pepala la sipika linali long'ambika, ndipo analimata ndi kapepala kopyapyala ndi guluu wochepa kwambiri.

Valavu imene ndinapha ija sinapezeke ku Limbe, ku Blantyre ngakhale ku Lilongwe. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ndiye anaitanitsa pa intaneti kuchokera kwa anthu osunga zida zakale ku England, ndipo inatenga miyezi itatu kuti ifike. Mtengo wake pamodzi ndi wotumizira ndisautchule pano, chifukwa akazi anga ali m'holo muno. Batire lake nalonso sapanganso, choncho tinalumikiza mabatire 10 a mavolti 9 motsatana kuti apereke mavolti 90, ndi batire limodzi lalikulu la tochi lotenthetsera mavalavu. Bambo aja anayesa mawaya a mabatirewo katatu konse mavalavu asanalowe m'malo mwake, pakuti mavolti 90 akasokera pa kawaya kotentha, mavalavu onse anai amapsa nthawi imodzi.

Tsiku loiyesa tinali ku Bvumbwe. Ndinamanga waya wautali kuchoka pa denga kufika pa mtengo wa mapeyala, ndi wina kupita ku chitsulo chokhomera m'dothi lonyowa. Wailesiyi imagwira shortwave yokha, pakati pa mamita 25 ndi 90. Kale MBC, imene inayamba mu 1964, inkamveka pa mamita 90, koma mawailesi athu a masiku ano ali pa FM, imene sefuliyayi siidziwa. Titaiyatsa madzulo tinangomva phokoso ngati mvula pa malata. Ndinagwa ulesi. Cha m'ma 7 koloko magetsi anazima, ndipo phokoso lija linachepa nthawi yomweyo, pakuti linkachokera ku matchaja a foni ndi mababu atsopanowa. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kukondwera ndi kuzima kwa magetsi. Ndinapotoza pang'onopang'ono, ndipo kunamveka mau a munthu akuwerenga nkhani m'Chifalansa, kenaka wina m'Chiswahili.

Amai anandikankha dzanja nagwira chopotozera okha. Anati, "Bambo ankatiletsa kugwira apa." Anafunafuna Lusaka, sanampeze. Koma usiku umenewo anandiuza zinthu zimene sindinamvepo pa zaka zanga zonse. Anati agogo ankaiyatsa ola limodzi lokha patsiku, akulemba maola m'kope kuti batire lifike pa malipiro ena. Anati anthu ochokera kothyola tiyi ankadzaza pabwalo, amuna pa mipando, akazi ndi ana pa mphasa, kudikira nyimbo za Alick Nkhata ndi pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, imene anthu ankalembera makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale akutali. Tsiku lina anamva moni wochokera kwa mchimwene wao amene anapita ku migodi ya Kitwe ndipo anali atakhala zaka zitatu osalemba kalata. Agogo aakazi analira mpaka oyandikana nao anaganiza kuti kwagwa maliro. Anakumbukiranso pa 3 Malichi 1959, pamene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la zadzidzidzi ndipo Dr Banda anamangidwa. Masiku amenewo agogo ankamvera m'nyumba atatseka chitseko, mau atachepetsa, ndipo ankachenjeza ana kuti wailesi ndi ya boma la Chitaganya, choncho zimene ikunena azimva ndi khutu limodzi. Tinacheza mpaka pakati pa usiku. Zonsezo ndinazilemba m'kope, ndipo ana anga aziwerenga.

Tsopano ndifike pa pempho langa. Chimene chinatsitsimutsa wailesiyi si digiri yanga ai. Digiri yanga inapha valavu. Chinaitsitsimutsa ndi luso la munthu amene sanafike ngakhale ku sekondale, ndipo munthuyo alibe womphunzira ntchito. Ndinawafunsa kuti zida zao adzasiyira yani. Anati adzukulu ao amadziwa kusintha galasi la foni, koma chinthu chikafa m'kati amati gulani china. Ife tomwe tili muno, madokotala, maloya ndi akuluakulu a m'boma, ndi angati amene tingathe kuyesa batire ndi mita? Tinaloweza malamulo a Ohm kuti tikhoze mayeso, koma sitinagwirepo chowotcherera mtovu. Kuntchito kwanga ndimaona makina a ndalama zambiri atakhala m'sitolo zaka, chifukwa cha kachipangizo kamodzi kamene palibe wodziwa kukapeza.

Choncho, a Wapampando, ndikupempha kuti pa ndalama za chitukuko za chaka chino tipatuleko zina tiike benchi limodzi lokonzerapo zinthu m'chipinda cha sayansi. Sipafunika zambiri: mamita oyesera magetsi, zowotcherera, mtovu, mapulayala ndi masikuludiraiva. Chachiwiri, tiitane amisiri achikulire ngati bambo a ku Limbe aja azibwera Loweruka limodzi pamwezi, tiziwalipira moyenera pamodzi ndi ya basi. Ndawafunsa kale, ndipo anati ngati miyendo ilola adzabwera. Tisachedwe nazo, pakuti zaka zao ndakuuzani. Chachitatu, aliyense wa ife akafufuze pamwamba pa kabati kwao. Wailesi yakufa, galamafoni kapena tochi, bweretsani kuti ana aphunzirepo, ndipo musanaichotse m'nyumba mufunse eni ake mbiri yake, mulembe.

Ine ndayamba ndi mamita awiri, amene ndapereka kale kwa a Msungichuma m'mawa uno. Wailesiyi amai avomera kuti izibwera kuno kamodzi pa teremu, koma anenetsa kuti igone ku Bvumbwe. Tikatha kudya, amene mukufuna kuiona m'kati mubwere kutsogolo kuno. Mavalavu ake sawala kwambiri, muyenera kutchinga ndi dzanja kuti muone kufiira kwake. Koma chonde, amene muli ndi batire m'thumba muime patali.