Musanatsatse malonda pa intaneti, dziwani amene mukuyankhula naye



Ambiri mwa ife tili ndi kena kake kogulitsa: mtedza, soya, nkhuku, uchi, kaunjika. Timajambula chithunzi, n'kuchiponya pa WhatsApp ndi pa Facebook, n'kulemba kuti "Ilipo, imbani." Tsiku limatha foni ili zii, bandulo yapita. Katunduyo alibe vuto. Uthengawo ndi umene sunalembedwere munthu aliyense.

Tiyeni titenge thumba limodzi la mtedza wa CG7 lochokera kwa Malomo ku Ntchisi, tione ogula atatu.

Woyamba ndi venda wopikula wa pa Mponela. Ameneyu safuna mawu okoma. Akufuna adziwe matumba angati, makilogalamu angati, wosenda kapena wamakoko, komanso ngati galimoto ingafike pakhomo. Mukasiya chimodzi mwa izi, amaimbira wina.

Wachiwiri ndi mayi wapantchito ku Lilongwe, tinene ku Area 25. Iye thumba lonse alibe nalo ntchito. Akufuna makilogalamu awiri osankhidwa bwino, opanda owola, kapena nsinjiro zosinja kale. Muonetseni chithunzi choyera, mtengo, ndi malo okumanirana. Ndipo muyankhuleni kumapeto kwa mwezi, malipiro atalowa.

Wachitatu ali pafupi nafe koma timamuiwala: wa ku Dzaleka. Msasa umenewu unatsegulidwa mu 1994, ndipo kumakhala anthu zikwizikwi ochokera ku DRC, Burundi, Rwanda ndi mayiko ena. Ambiri amamvana m'Chiswahili. Pezani mnzanu wodziwa chiyankhulocho akulembereni mizere iwiri. Munthu akaona chiyankhulo chake amaima kaye, eti?

Mtedza ndi womwewo, koma mauthenga akhale atatu.

Chachiwiri, ganizirani foni ya wogulayo. Kumudzi kuno anthu ambiri amagula bandulo yaing'ono ya WhatsApp basi, ndipo kumapiri netiweki imabwera mwa apo ndi apo. Mukawatumizira vidiyo ya mphindi zitatu, satsegula. Chithunzi chimodzi chikwanira. Kwa akuluakulu amene kuwerenga kumawavuta, jambulani mawu achidule, muyambe ndi moni waulemu.

Chachitatu ndi nyengo. Mu February anthu ali pa chakudya, ndalama kulibe. Kuyambira April, fodya akayamba kugulitsidwa ku Kanengo, kenako soya ndi mtedza, m'matumba mumayamba kulemera. Wogulitsa zitenje kapena ma sola adikire pamenepo. Wogulitsa mbewu afuule mu October ndi November, mvula isanagwe.

Chachinayi, wogula wa pa intaneti ali ndi mantha. Ambiri anatumizapo ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu osafika. Ndiye lembani mtengo poyera, musamati "bwerani ku inbox." Tchulani dera lanu. Kwa kasitomala watsopano, lolani kuti alipire ataona katundu pamalo pa anthu, monga pa depoti ya Mponela. Zimenezi zimatetezanso inu, makamaka atsikana.

Nanga zonsezi mungazidziwe bwanji? Safunsa anadya phula. Sabata ino aliyense afunse anthu asanu amene anamugulapo: munandiona kuti, ndipo n'chiyani chinakupangitsani kugula? Mayankhowo mulembe m'kope, mubwere nawo pa msonkhano wotsatira, tidzakonzere limodzi mauthenga athu.