NTHAKA YATOPA: MAU A PA MSONKHANO WA NTHAMBI YATHU

Mau amene ndabwera nao lero sakoma m'khutu, koma akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mau ake ndi awa: nthaka yathu yatopa, ndipo ife eni ake tili ndi mbali pa mlanduwu.

Tiyambe ndi chiwerengero. Pa kalembera wa 1966 anthu m'dziko muno anali ngati mamiliyoni 4. Pa kalembera wa 2018 tinapitirira mamiliyoni 17. Kodi munda unakula? Iai. Munda umene unadyetsa agogo ndi ana ao, lero augawana zidzukulu, aliyense kachigamba kake. Kale munda ukatopa ankaugoneka nakatsegula mphanje. Lero mphanje ili kuti? Tilima chimanga pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, titentha mapesi posaka mbewa, ndipo tidabwa kuti nkhokwe yatha Khrisimasi isanafike.

Makolo athu anakana malimidwe m'zaka za m'ma 1950, pamene Boma la Atsamunda linkakakamiza anthu kuunda migula ndi mizere yopingasa. Wokana ankamlipitsa ndarama kapena kumtsekera m'ndende. Anachita bwino kukana nkhanza zija, pakuti munthu sagwira khasu mokondwa pamene msilikali waima kumbuyo kwake. Koma pano pali choona chowawa. Atsamunda anapita mu 1964, kukokoloka kwa nthaka kunatsala. Madzi a mvula safunsa kuti akulamula ndani. Akapeza phiri lopanda mitengo ndi mizere yotsetsereka, atenga chajambu chonse kupita nacho ku Shire.

Ena anena kuti, "Boma litipatse feteleza basi." Makuponi anayamba mu 2005, m'nthawi ya a Bingu wa Mutharika, ndipo ambiri anakolola. Ife sitidzaleka kufunsa kuti thandizo lifike kwa mlimi weniweni, ndi pa nthawi yake. Komabe feteleza adyetsa mbeu ya chaka chimodzi chokha, sabweza nthaka imene yapita ndi madzi. Kuthira thumba lodula m'munda wokokoloka kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Ndipo tisaiwale mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche nakwirira nyumba ku Chilobwe, mu Blantyre. Mvula ija inali yoopsa ndithu, palibe akana. Koma mapiri athu ambiri tinawameta tokha ndi nkhwangwa, chifukwa cha makala ndi minda.

Tsono tichite chiani? Nthambi yathu iyambe ndi minda ya mamembala ake. Tiike akalozera, mizere ipingase mtunda, tibzale udzu wa vetiva m'mbali mwake. Mapesi tisatenthe, tiwakwirire. Tipange manyowa, tisakanize chimanga ndi nandolo, tisinthanitse ndi mtedza. Mtengo wa msangu tisaudule, pakuti masamba ake ndiwo ndowe ya mmphawi. Mafumu athu, tikupemphani muike lamulo pa nkhalango ya mudzi, ndipo ife tidzaima nanu.

Wandale amene angokuuzani zokoma afuna voti yanu chabe. Ife tifuna kuti ana athu adzapeze polima. Mvula isanagwe, Mlembi ndi komiti adzayendera munda wa membala aliyense, kuyambira wa a Pampando.