Musanasonkhe Ndalama Zogulira Seva

 Madzulo ano sitikamba za mbewu ya mpunga kapena za matenda a chinangwa ai. Tikamba za makina otchedwa seva, pakuti makina amenewa akhudza kale maina anu ndi ndalama zanu, ngakhale ambiri a inu simunawaonepo ndi maso.

Mukumbukira kuti m'chaka cha 2017 Boma linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Ndipo pamene ndondomeko ya AIP inayamba mu 2020, mlimi pogula feteleza wotsika mtengo ankaonetsa chiphasocho, kalaliki nachiunika ndi foni. Kodi foniyo inkadziwa bwanji kuti dzina lanu lilipo? Inkafunsa kwa kompyuta ina imene ili kutali, yosunga maina onse. Kompyuta yotere, imene ntchito yake ndi kusunga zinthu ndi kuyankha makina ena usana ndi usiku, ndiyo seva. Mu 2022 Boma linatsegula nyumba ya makina otere ku Blantyre, yotchedwa National Data Centre.

Koma seva si ya Boma lokha. Kopaletivi ya alimi kapena sukulu ya sekondale ikhoza kukhala ndi yake yaing'ono. Tsiku lina munthu adzafika pa msonkhano wanu nati, "Sonkhani ndalama tigule kompyuta imodzi. Ine ndidzaigawa kuti igwire ntchito ngati makompyuta atatu: ina ya kaundula wa mamembala, ina ya ngongole ndi malonda a mpunga, ina ya mabuku a ana a sukulu." Munthuyo sakunama. Nzeru imeneyi ilipodi, ndipo pa Chingerezi amati virtualization. Si yachilendonso, chifukwa kampani ya IBM ku America inali kuchita zimenezi m'zaka za m'ma 1960. Koma si kompyuta iliyonse imene ingathe kugawidwa chotere, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zingatayike.

Inu mafumu nkhani iyi muimva msanga, popeza kugawa malo ndi ntchito yanu. Dambo ndi limodzi, koma mumaika malire kuti uyu alime apa, uyo alime apo, wina asalowe m'ndime ya mnzake. M'kompyuta mulinso pulogalamu imene imachita ngati mfumu yogawa malo. Dzina lake ndi hypervisor. Ndipo mudziwa bwino kuti dambo silikula chifukwa choti mwaligawa. Maekala awiri mukawagawira mabanja khumi, onse adzagona ndi njala.

Choyamba kufunsa ndi za purosesa, ndiko kuti kachitsulo kamene kamachita masamu onse m'katimo. Iyenera kukhala ya mtundu wa 64-bit, ndipo ikhale ndi mphamvu yapadera yothandiza kugawa. Pa purosesa za kampani ya Intel mphamvuyo imatchedwa VT-x, pa za AMD imatchedwa AMD-V. Zinayamba kutuluka mu 2005 ndi 2006, choncho makina ambiri a masiku ano ali nazo. Koma chenjerani ndi makompyuta akale ogula pa kaunjika kapena opatsidwa mwaulere, pakuti ena otsika mtengo analibe. Nthawi zinanso mphamvuyo ilipo koma inatsekedwa, ndipo wodziwa makina ayenera kuitsegula pa malo otchedwa BIOS. Musalole kungouzidwa pakamwa. Muuzeni akuonetseni.

Chachiwiri ndi memori, imene amalemba kuti RAM, ndipo amaiyesa m'magigabaiti. Limeneli ndilo dambo lija. Mfumu yogawa nayonso imafuna ndime yake. Eni pulogalamu ya Proxmox amati iyo yokha ipatsidwe magigabaiti 2 kapena kuposa, musanawerengere makompyuta a m'katiwo. A Microsoft amati Hyper-V ifuna makina a magigabaiti osachepera 4. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti makina ali ndi magigabaiti 16. Chotsani 4 a pulogalamu yogawa, atsala 12. Makompyuta atatu aja, iliyonse ikatenga 4, memori yatha, palibenso malo a yachinayi. Nanga wogulitsa akabwera ndi makina a magigabaiti 4 okha, nalonjeza makompyuta atatu? Adzayaka ndithu, mwina, koma adzayenda ngati bwato lodzaza mopyola muyeso tsiku la mwera. Mlembi adzakhala akudikira, mzere wa alimi uli panja padzuwa.

Tsono pali pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, imene azungu amati operating system. Maina ake munawamvapo kwa ana anu: Windows, Linux. Pano pali msampha umene ambiri sauona. Windows ili ndi mitundu ingapo, ndipo mtundu wotchedwa Home, umene umapezeka m'makompyuta ambiri a pakhomo, ulibe Hyper-V. Pafunika mtundu wa Pro kapena Windows Server, ndipo imeneyi imalipiridwa laisensi. Dziwaninso kuti pa 14 October 2025 a Microsoft analeka kusamalira Windows 10 monga ankachitira kale. Makina osasamalidwa ali ngati nkhokwe imene mwini wake analeka kuimata: mbewa zidzapeza polowera. Mbali inayi, Linux ndi yaulere, ndipo kuyambira 2007 ili ndi chogawira chakechake chotchedwa KVM, chimene Proxmox ija imagwiritsa ntchito. Komabe chaulere chifuna munthu wochidziwa. Funsani kuti makina akavuta adzakonza ndani, ndipo munthuyo amakhala kuti. Ngati ali ku Lilongwe, werengeranitu ndalama ya basi.

Kuno kunyanja tili ndi adani ena awiri, kutentha ndi kuzima kwa magetsi. Seva siizimitsidwa madzulo ngati wailesi, ndipo imatulutsa kutentha kwakekwake. M'mwezi wa October, m'chipinda cha malata chopanda mazenera, idzafooka msanga. Iikidwe pamalo popita mphepo, pokwera, posafika fumbi la chigayo kapena madzi a mvula. Magetsi akazima mwadzidzidzi, zolembedwa zikhoza kuonongeka, nchifukwa chake mtengo wa batire, ndi wa sola ngati ifunika, ulowe m'chiwerengero kuyambira pachiyambi. Kumbukiraninso kuti makompyuta atatu aja ali m'bokosi limodzi. Bokosilo likapsa kapena likabedwa, onse atatu apita tsiku limodzi. Choncho sabata iliyonse zolembedwa zikopedwe pa disiki ina, ndipo disikiyo igone ku nyumba ina, kaya kwa msungichuma kaya kwa a mfumu.

Ndinene mosabisa kuti makalabu ambiri safuna seva konse. Kalabu ya anthu makumi awiri, buku losamalidwa bwino ndi foni imodzi zikwanira. Seva ndi ya gulu lalikulu, lokhala ndi mamembala mazanamazana ndi ntchito zingapo zosiyana.

Ngati gulu lanu ndi lotere, chitani izi. Wogulitsa alembe pa pepala dzina la purosesa, kuchuluka kwa memori, kukula kwa disiki ndi mtundu wa pulogalamu yoyendetsa, nasaine. Pepalalo mupite nalo kwa munthu wina wodziwa makompyuta amene sapindula kanthu pa malondawo, monga mphunzitsi wa ku sekondale. Ndipo tsiku lolandira makina, komiti yonse ikhalepo ndi a mfumu omwe, makompyuta atatu aja ayatsidwe onse nthawi imodzi inu mukuona, mlembi alembemo maina khumi ndi kuwapezanso. Zikatero msungichuma amasule ndalama.