PAMENE MABULEKI ATSOPANO ALIRA

Madzulo ano tikambirana za bvuto limene eni magalimoto ambiri muno m'Lusaka akomana nalo. Munthu aona kuti mapadi a mabuleki ace atha. Apita ku sitolo ya masipeya m'tauni, napeza kuti mapadi ocokera kwa amene anapanga galimotoyo ndi okwera mtengo, cotero agula ena opangidwa ndi kampani yina. Makaniko wa ku Kabwata amuikira, iye alipira nabwerera kwao wokondwa. Koma m'mawa mwace, pofika pa maloboti a mu Independence Avenue, angoponda buleki galimoto iyamba kulira kuti tswii, anthu a m'mbali mwa mseu onse ceu. Tsono pali mafunso awiri. Kodi wolakwa ndani, makaniko kapena wogulitsa? Ndipo kodi nkwabwino kuyendabe ndi galimotoyo, ana a sukulu ali m'kati?

Tiyambe taona umo buleki igwirira nchito. Kuseri kwa gudumu kuli citsulo cobulungira cimene amakaniko acicha disiki, ndipo cizungulira pamodzi ndi gudumulo. Pamwamba pa disiki pakhala cipani cochedwa kalipa, m'mene muli mapadi awiri, lina kuno lina uko. Mukaponda buleki, mafuta a buleki akankha kalipa, mapadi aja napana disiki kufikira gudumu lileka kuzungulira. Pamene zinthu ziwiri zikhulana motere pabadwa kutentha, ndiponso kunjenjemera. Kunjenjemera kumeneku kukafulumira kopitirira ka 1,000 pa sekondi imodzi, khutu likumva ngati likhweru. Ndiko kulira kwa buleki. Disiki icita ngati citsulo ca pa sukulu cimene amenya poitana ana.

Bvutoli ndi lakale ndithu. M'caka ca 1902 Frederick Lanchester wa ku Birmingham, ku Mangalande, analembetsa buleki ya disiki ya pa galimoto. Mapadi ace anali a mkuwa, womwewo umene inu mukumba ku Kitwe ndi ku Chingola, ndipo pokhulana ndi disiki anali kusokosera koopsa, natha msanga m'miseu ya pfumbi. Anthu anaileka buleki yotere kwa zaka zambiri. Inabukanso mu 1953, pamene galimoto ya Jaguar yokhala ndi madisiki inapambana mpikisano wa ku Le Mans m'dziko la France. Lero magalimoto ambiri amene afika muno kucokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Nakonde, ali ndi madisiki ku magudumu akutsogolo, ndipo kumeneko ndiko kugwa nchito yaikuru yoimitsa galimoto.

Mapadi a makono apangidwa ndi zosanganiza zambiri. Ena ndi ofewa, salira kwambiri, koma sacedwa kutha. Ena ali ndi zitsulo zambiri m'kati. Alimba pa moto, ndipo eni maminibasi awakonda, koma ndiwo aphokoso, makamaka akali ozizira. Enanso ndi a seramiki, acete, koma a ndarama zambiri. Cotero padi lingathe kukhala labwino ndithu, koma lolira kuposa lija linabwera ndi galimoto. Mkuwa nawo ulimo m'mapadi ena. Koma ku California anaika lamulo mu 2010 loucepetsa, cifukwa pfumbi lace litsikira m'mitsinje nilipweteka nsomba, ndipo kuyambira mu 2025 mapadi ogulitsidwa kumeneko sayenera kukhala ndi mkuwa wopitirira theka la gawo limodzi mwa magawo 100.

Inu a pansi pa mgodi mudziwa kugogoda thanthwe ndi mgwala ndi kumvera kulira kwace, kuti muzindikire ngati liri lolimba kapena lifuna kugwa. Woyendetsa galimoto ayenera kuchera khutu comweco. Tsitsani magalasi, tsekani wailesi, ndipo mudzifunse kuti phokosolo limveka liti, licokera ku gudumu liti, ndipo liri lotani.

Mtundu woyamba ndi kukhula kwa m'mawa. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufikira Marici, galimoto yogona panja igwira dzimbiri lopyapyala pa madisiki usiku umodzi wokha. Poturuka pa cipata mumva kuti khwee, koma mutaponda kawiri katatu phokosolo litha. Limeneli lisakubvuteni mtima. Comweconso m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pfumbi lilowa pakati pa padi ndi disiki, nililiza buleki kwa kanthawi.

Mtundu waciwiri ndi likhweru lomveka pamene muponda pang'ono-pang'ono, monga acitira a ku Chelstone m'mawa uli wonse, potsatana bampala ndi bampala mu Great East Road. Mukaponda ndi mphamvu likhwerulo lileka. Apa kawiri-kawiri bvuto liri pa kaikidwe. Kumbuyo kwa padi kuyenera kukhala kacitsulo kopyapyala kochedwa shimu, kamene nchito yace ndi kumeza kunjenjemera kuja. Mapadi ambiri ochipa abwera opanda mashimu, ndipo makaniko wofulumira ataya akale pamodzi ndi mapadi otha. M'funseni makaniko wanu kuti mashimu ali kuti. M'funseninso ngati anatsuka malo okhalamo padi, ndi kupaka girisi wa buleki kumbuyo kwa padi ndi m'makutu mwace. Timitengo tiwiri tacitsulo timene kalipa ayendapo tifuna girisi wosaononga mphira. Girisi wamba asungunuka ndi moto, natupitsa mphira, kalipa nkuuma. Ndipo mverani ici: girisi kapena mafuta asakhudze konse nkhope ya padi kapena disiki. Alipo anthu amene athira mafuta pa disiki kuti phokoso lithe. Lithadi, koma buleki nayo ithera pomwepo.

Cifukwa cina ca likhweruli ndi disiki yakale. Disiki imene yayenda zaka zambiri ikhala ndi mizere ndi mlomo m'mphepete mwace, ndipo padi latsopano, pokhala losalala, ligunda pa zitunda zokha. Pa madisiki ambiri analembapo mau akuti MIN TH pamodzi ndi nambala, ndiko kunena kucindikala kumene disikiyo siyenera kucepera. Makaniko aiyese ndi cipangizo, osati ndi cikhadabo. Ngati ikali yocindikala angathe kuipala pa makina. Ngati yafika pa nambala ija, igulidwe yina, mbali zonse ziwiri.

Mtundu wacitatu ndi phokoso losaleka, lomveka ngakhale phazi liri kutali ndi buleki. Kuseri kwa disiki kuli lata lochinga pfumbi, limene lipindika msanga pa nthawi ya nchito niliyamba kukhudza disiki. Kuliongola ndi dzanja kutenga mphindi imodzi. Mwina kamwala ka m'mseu wa magiravulo kalowa pakati pa lata ndi disiki. Mwinanso ndi kalilime kacitsulo kamene aika pa padi kuti kazilira padilo likatsala mamilimita awiri kapena atatu. Kakapindika poika, kalira ngakhale padi liri latsopano. Koma mutayenda makilomita owerengeka, imani, nimuyandikize dzanja pa gudumu liri lonse, osakhudza disiki. Gudumu limodzi likatentha kuposa linzace, kapena likanunkha ngati capsa, kalipa wagwira ndipo sabwerera. Galimoto yotere ikokera ku mbali imodzi, idya petulo, ndipo siyenera kupita ulendo.

Mtundu wacinai ndi kugogoda kuti gu, kamodzi kokha, pamene muponda mutabwerera m'mbuyo, kapena kuceta kwa zitsulo podumpha mahampu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Padi lisewera m'malo mwace. Kapena timakilipi tolimangira tinasiyidwa, kapena padilo si la galimoto imeneyo. Dziwani kuti Toyota Corolla ya caka cina sibvala padi limodzi ndi Corolla ya caka cinzace, ngakhale dzina liri lomwelo. Popita kukagula tengani nambala ya chasisi, ndi padi lakale m'manja. Kugogodaku kungacokerenso ku bauti ya kalipa imene sinamangidwe bwino, ndipo imeneyo ndiyo ngozi yeni-yeni. Ionedwe tsiku lomwelo.

Mtundu wacisanu ndi kunthunthumira kwa siteringi kapena kwa copondera pamene muimitsa galimoto yothamanga. Kumeneku kudza pamene disiki siiri yolingana ponse. Kawiri-kawiri dzimbiri linatsala pa malo okhazikapo disiki, kapena manati a gudumu anamangidwa mosiyana, ena ndi mpopi wacitsulo ndi phazi, ena ndi dzanja cabe. Manati amangidwe modumphitsa, ili kenaka la kutsidya kwace, onse ndi mphamvu yofanana.

Mtundu wotsiriza ndi kukukuta kwa citsulo pa citsulo cinzace, kolemera, komveka ndi m'phazi momwe. Pa mapadi atsopano phokoso limeneli litanthauza kuti padi linaikidwa cagada, msana wace wacitsulo uli ku disiki, kapena kuti nkhope ya padi yamatuka. Apa palibe za mawa. Imikani galimoto, ikokedwe. Citaninso comweco ngati copondera cafewa nicitsikira pansi, kapena ngati mafuta a buleki adontha. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ora ipita mamita pafupi-fupi 17 pa sekondi imodzi. Ganizani za mwana wodumpha mseu pa Burma Road, ndipo mudzaona kuti sekondi imodzi ndi yaikuru.

Tsopano tinene za cinthu cimene ambiri aciiwala, ndico kuzoloweretsa mapadi. Padi latsopano ndi disiki afuna nthawi kuti adziwane. Makaniko akatha nchito, musanacotse galimoto, pondani buleki kangapo kufikira copondera calimba, popeza kuponda koyamba sikugwira kanthu. Ndipo funani mseu woongoka, wopanda anthu ambiri, kunja kwa mzinda. Thamangani kufikira makilomita 60 pa ora, nimuponde ndi mphamvu ya pakati mpaka liwiro litsike pa 10, koma osaima ai. Bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi. Mutatero yendani mphindi zingapo osaponda, kuti zitsulo zizizire. Mwa njira imeneyi padi lisiya utoto wace wopyapyala pa disiki molingana ponse. Pa makilomita 300 oyamba pewani kuponda kwa dzidzidzi, kupatula pamene pali ngozi. Munthu amene aika mapadi Lacisanu nanyamuka Loweruka ndi katundu wodzaza kupita ku Chipata, natsika mapiri a Manenekela phazi liri pa buleki njira yonse, aocha mapadi ace. Nkhope zao zisanduka zonyezimira ngati galasi, ndipo padi lotere lilira, koma kugwira ai. Pa citsetso lowetsani giya yaing'ono kuti injini ithandize. Padi longonyezimira pang'ono alikonza ndi sandipepala. Lopsa kwambiri ndi long'aluka litayidwe.

Za kagulidwe, akuru anati cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Bokosi lokongola si umboni. Mapadi a makampani ena si oipa onse. Kampani ya Ferodo yakhala pa nchito ya mabuleki kuyambira 1897, pamene Herbert Frood anayamba malonda ace. Yang'anani pa bokosi ndi pa msana wa padi cizindikiro ca E m'kati mwa kabwalo, ndi malemba akuti 90R. Cimeneci ndi ca lamulo limene maiko a ku Ulaya atsata, lakuti padi lolowa m'malo lisasiyane ndi loyamba kopitirira magawo 15 pa 100 pa kagwiridwe kace. Popeza onyenga nao adziwa kusindikiza, gulani pa sitolo imene mudzaipezanso mawa, ndipo landirani lisiti. Sinthani mapadi a magudumu onse awiri pamodzi, lamanzere ndi lamanja, osati mbali imodzi. A RTSA ayesa mabuleki popereka cikalata ca fitinesi, koma iwo aona galimoto tsiku limodzi; masiku ena onse woyesa ndinu.

Mau amodzi kwa amakaniko athu, ndi anyamata amene aphunzira nchito pansi pa mitengo. Kale mapadi anali kupangidwa ndi asibesitosi, mwala uja makolo athu ena anakumba ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe. Pfumbi lace liononga mapapu, ndipo nthendayo ioneka patapita zaka zambiri. Maiko a European Union anauletsa mu 2005, South Africa mu 2008, koma padi lopanda dzina simungadziwe cimene ciri m'kati mwace. Musauzire pfumbi la buleki ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa. Lipukuteni ndi nsaru yonyowa, nimusambe m'manja musanadye nsima. Ndiponso musadalire jeke yokha pogwira nchito pansi pa galimoto. Ikani cocirikiza colimba.

Inu eni magalimoto, pobwerera ku garaja musayambe ndi ndeu. Nenani bwino-bwino kuti phokoso limveka pa liwiro lotani, m'mawa kapena masana, poponda kapena posaponda, ndipo pemphani kuti gudumu licotsedwe inu mukuona. Safunsa anadya phula. Kawiri-kawiri mankhwala ace ndi shimu, girisi pang'ono ndi theka la ora, osati mapadi ena atsopano. Ndipo m'nyumba zambiri galimoto imene atate akonzetsa ndiyo imene amai ayendetsa popereka ana ku sukulu. Cotero auzeni a m'banja mwanu maphokoso amene afuna kuti munthu aime pomwepo.

Nthawi yathu yatha. Yendani bwino m'miseu, ndipo tsalani bwino nonse.