Mau a pa Msonkhano wa Caka: Za Kudziwitsa Sitolo pa Intaneti

Mamembala a Bungwe lino amene sitolo zao ziri ndi tsamba pa intaneti azindikire kuti makina ofufuzira sawerenga monga munthu. Cifukwa cace m'caka ca 2011 Google, Microsoft ndi Yahoo anapangana kalembedwe kamodzi, kochedwa schema.org, kuti makinawo azitha kusiyanitsa dzina la sitolo ndi mau ena. Pansi pa mutu wa LocalBusiness mwini sitolo alembe dzina, malo, nambala ya lamya, ndi nthawi yotsegula ndi yotseka. Kumene mseu ulibe dzina, aikepo manambala a pamapu.

Koma zonsezi zikhale zoona. Mlimi akawerenga kuti sitolo itseka 5 koloko, napalasa njinga mtunda wautali, napeza atakhoma kale, sadzabweranso, ndipo adzauza anzace.